Makope a Ababa ndi Kompyuta ya ku Ofesi

Ababa anali telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde la sitolo ina ku Ndirande, kuseri kwa msika, ndipo m'dirowa ya makinawo, pamodzi ndi choko ndi masingano, munkakhala Baibulo ndi kope la ana asukulu. Ntchito ikachepa ankatsegula Baibulo n'kumawerenga chala chili pamzere. Akakumana ndi mawu oti "mlendo" ankalemba m'kopemo buku, mutu ndi ndime, ndipo pansi pake ankaikapo maganizo awo, mzere umodzi kapena iwiri. Anayamba ine ndisanabadwe. Pomwe ndinkamaliza sukulu n'kuti makopewo atakwana asanu, omangidwa pamodzi ndi kansalu kotsala posoka.

Chifukwa chake ndinachidziwa nditakula. Makolo awo anachoka ku Mozambique wapansi n'kudzera ku Mulanje, ndipo Ababa anakulira m'midzi ya eni ake momwe ankawatchula kuti obwera. Ankafuna kudziwa zonse zomwe Mulungu ananena za anthu ngati iwo.

Matipati itabwera, zinthu zambiri zinalowa m'tauni nthawi imodzi. Mipingo yatsopano inkasonkhana m'makalasi a sukulu, makaseti a maulaliki ankagulitsidwa pafupi ndi a nyimbo, ndipo ife achinyamata tinkaona ngati akulu a mpingo, monga Ababa, atsalira. Ine ndinali nditapeza ntchito yotayipa pa kaofesi kena m'tauni. Kumapeto kwa zaka zimenezo abwana anga, mayi wokonda kupemphera, anagula kompyuta, ndipo mnzawo wina anawapatsa CD yokhala ndi Baibulo lonse lachingerezi. Unkangolemba liwu limodzi, ndime zonse zokhala ndi liwulo n'kundandalikana pagalasi.

Tsiku lomwe ndinaziona ndinatsika minibasi n'kuthamangira kukhonde kuja. Ndinawapeza akupinda mpendero wa buluku.

"Ababa, ntchito ya m'makope mwanu ija, ku ofesi kuli makina amene amaimaliza musanaphethire n'komwe."

Anadula ulusi ndi mano, n'kuutaya pansi. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sindinaone kuti ndawabaya.

"Loweruka ukandionetse," anatero.

Abwana anavomera. Ababa anavala jekete yawo ya kutchalitchi, makope ali m'jumbo. Mu ofesi anakana kukhala pampando wozungulira, anakoka wathabwa. Ndinalemba liwu lachingerezi lotanthauza mlendo, ndime n'kudzaza galasi lonse, ndipo ndikatsitsa zinkangobwerabe. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Ndiwerengere pang'onopang'ono."

Ndinkatchula ndime, iwo n'kumachonga m'kope ndi pensulo. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Panapezeka ndime zingapo zomwe iwo anazidumpha zaka zonsezi, makamaka m'mabuku a malamulo. Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, koma ankangoti, "Iyinso inandithawa," akumwetulira ngati apeza m'bale wawo m'basi.

Titamaliza anatsegula kope lachinayi n'kundilozera ndime zina zopanda chizindikiro cha pensulo.

"Nanga izi zili kuti m'makina akowa?"

Ndinafufuza. M'Chingerezi pamalo amenewo panali mawu ena, pena onena za wapaulendo, pena za woitanidwa kuphwando, pena za munthu wa mtundu wina. Baibulo lathu lokha ndi lomwe linkati mlendo ponseponse.

"Waona," anatero. "Kwa eni Chingerezi ndi anthu osiyanasiyana. Kwa ife yemwe timamuphera nkhuku ndi yemwe timamuuza kuti kuno si kwanu, dzina lawo ndi limodzi. Makinawa ndi akhama, sindikuwanyoza. Koma anaphunzira kwina."

Anandipempha kuti ndiwapulintire mndandanda wonse. Anaupinda bwinobwino n'kuulowetsa m'thumba la jekete.

Patapita chaka ndinakwatiwa n'kusamukira ku Machinjiri. Nthawi yomweyo maso a Ababa anayamba kuchita nkhungu. Analeka kusoka, makina n'kuwabweretsa kunyumba, ndipo ngakhale zolemba zawo sankazionanso. Choncho Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkakwera maminibasi awiri kupita ku Ndirande kukawawerengera. Tinkakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, phokoso la mawailesi a anthu likuchokera mbali zonse. Tinkatenga ndime imodzi pa pepala lopulinta lija, ndikawerenga iwo ankati ndibwerere kumayambiriro kwa mutu, chifukwa ndime yokha ili ngati dzanja la malaya lomwe silinalumikizidwe. Tsiku lonse tinkatha ndime imodzi, mwina ziwiri. Nthawi zina ndinkatopa nazo, maso ali pawotchi, ndikuganiza za mzere wa pasiteji.

Lamulungu lomaliza tinawerenga nkhani ya akhate khumi aja, omwe anachiritsidwa ali m'njira koma mmodzi yekha, wa mtundu wina, ndi amene anabwerera kwa Ambuye.

"Ukuganiza kuti anabwereranji?" anandifunsa.

"Anali woyamika. Enawo anali osayamika." Ndinayankha monga ndinamvera pakaseti ina.

"Enawo anauzidwa kuti apite kwa ansembe, ndipo anapita. Analakwa chiyani?"

"Sanathokoze."

"Mwina. Koma taganiza, mwanangu. Asanu ndi anayiwo anali ndi ansembe owalandira, anali ndi makomo owatsegulira. Mnzawoyo akanafika pakachisi, mlonda akanamufunsa kuti kwanu n'kuti. Khate linawasonkhanitsa, koma atangochira iye anakhalanso wobwera. Ine ndikuona ngati anaima pamsewu n'kuona kuti kopita kulibe, kupatula kwa amene anamuchiritsa."

Ndinawatsutsa. Ndinati akuika m'Baibulo zomwe mulibe, akuwerenga moyo wawo m'malo mowerenga mawu. Sanakwiye.

"N'kutheka," anatero. "N'chifukwa chake timawerenga awiri. Ukaganizire, Lamulungu udzandiuze."

Lamulungu lotsatira kunagwa mvula yamphamvu ndipo mwana wanga anali ndi malungo, sindinapite. Lachinayi m'mawa mlongo wanga anafika ku ofesi kudzandiuza kuti Ababa atisiya.

Lero Baibulo ndili nalo m'foni, la Chichewa ndi la Chingerezi lomwe, ndipo pagulu la amayi a kumpingo kwathu mavesi amayamba kugwa kusanache. Ndimawerenga, ndimayankha kuti ameni. Za wakhate uja ndakhala ndikuziganizira zaka zonsezi. Ndimaonabe kuti kuthokoza kunalipo, sindinasinthe kwenikweni, koma ndili ndi funso lina lomwe tsiku lija silinandifike m'mutu: Ambuye atamuuza pomaliza kuti anyamuke azipita, analowera kuti? Ndafufuza m'foni, ndafunsa abusa awiri. Onse anandiyankha bwino ndithu, mwachangu. Amene akanandiuza kuti tibwerere kaye kumayambiriro kwa mutu ndi Ababa, ndipo tikanakhala kuseri kwa nyumba kuja mpaka udzudzu kutithamangitsa.