Pakona pa Dimba Langa Pasabooledwe

Kuno ku Makhanga tinazolowera alendo a kafukufuku. Amachokera ku yunivesite ina ya ku Ulaya, ndipo sabwera ndi nkhani imodzi. Ena anadzatchera udzudzu m'nyumba zathu. Atapita iwo kunafika oyeza madzi a m'zitsime, kenaka ofunsa amayi za uchembere, kenaka ojambula nyimbo za pamaliro. Ndimati mwina sukulu yawoyo ili ndi njala yaikulu, chifukwa palibe chimene inachisiya.

Ine sindinkawakana. Makolo a bambo anga, a ku Chikwawa, ankanyamulira katundu azungu oyamba kuyenda mumtsinje wa Shire uno, ndipo kwathu zimenezi zinkanenedwa monyadira. Nanenso ndinawaolotsapo ambiri pabwato langa. Kuwerenga ndinakuphunzira imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha, choncho munthu wophunzira ndimamulemekeza. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndinakana chifukwa cha umbuli.

Amene ndinawakanawo anali a dothi. Ankawatsogolera mayi wina wachitsikana, Mmalawi mnzathu wa kumtunda amene ankaphunzira ku yunivesiteyo. Anali waulemu, ndipo anafotokoza bwino pamsonkhano. Anati madzi akasefukira amasiya matope, chaka china amasiyanso ena pamwamba pake, mpaka pansi pamakhala ngati mphasa zosanjikiza. Akalowetsa mpaipi wachitsulo ndi kuuzula, amatha kuona kuti Shire ndi Ruo akhala akusefukira motani kuyambira kale. Zimenezo, anati, zingathandize pamene boma likuganiza ngati limange chotchinga madzi kapena litisamutse.

Vuto linali limodzi. Ankafuna malo amene khasu silinawatembenuzepo, ndipo kuno timalima paliponse. Anayenda m'madimba mpaka anaima pakona pa dimba langa, pansi pa mgwalangwa, pamene pamamera tsekera yekhayekha.

Pamenepo pagona mng'ono wanga. Anamira pa chigumula china cha kale, tikuoloka. Bwato linali langa, wopalasa ndinali ine, ndipo zotsalazo ndimakambirana ndi Mulungu. Pamene tinamupeza, kumanda kunali kudakali madzi, ndiye tinamuika pamtunda umene unalipo. Tinati tidzamusamutsa kukauma. Kunauma, koma amene tinamuika tinabalalika, ena kumwalira, ena kupita ku minda ya nzimbe. Ndinatsala ndine, ndipo ndinangosiya kulimapo.

Mayi uja nditamuuza, anagwira pakamwa napepesa. Koma anabweranso m'mawa mwake. Anati sadzakhudza manda enieniwo, adzaboola chapambali, bowo lake losaposa mkono wa mwana. Ndinamufunsa kuti chapambali ndi pati. Chizindikiro tinaikapo chinapita ndi madzi kalekale, ndipo ngakhale ine sindingaloze kuti mutu uli uku, miyendo uku.

Amene anandivuta kwambiri si alendowo ayi, koma anthu anga. A komiti ya zangozi anabwera kudzandiuza kuti mudzi wonse ukudikira ine. Mnzanga amene tinakulira limodzi anandiseka pamsika, nati akufa a kwa ine ndi aulemerero, ali ndi dimba lawolawo pamene amoyo akugona m'matenti. Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, chifukwa ananena mokoma. Koma sindinasinthe.

Mwana wanga wamkazi, amene amandiphikira, ndiye analankhula zolasa. Nyumba yake inagwapo ndi madzi, ndipo ana ake anagonapo pamtengo.

"Ababa, bambo aang'onowo ine sindinawaone. Ana angawa mukuwaona. Mukusankha ndani?"

Ndinamuuza kuti sindikusankha, ndikungolondera. Iye anati mlonda wa mafupa sanapulumutsepo munthu.

Tsiku limene anabwera ndi zitsulo zawo, a komiti atawalonjeza kuti mkuluyu afewa, anandipeza nditakhala pamenepo. Ndinali nditasenza mpando wanga kuchokera kunyumba. Dzuwa la kuno mukulidziwa, limaotcha ngakhale mumthunzi. Mzungu wina wachikulire wa m'gululo analankhula nthawi yaitali, mayi uja akumasulira. Anati zotsatira zake zidzalembedwa ndipo zidzawerengedwa ndi anthu a m'maiko ambiri. Ndinati ndi zabwino. Ndinawakumbutsa kuti udzudzu wathu anatenga, madzi athu anatenga, nyimbo zathu anatenga, ndipo sindinawaletse kapena kufunsa kumene zinakathera.

"Amayi, auzeni kuti mudzi wonsewu ndawapatsa. Aboole pakhomo panga, aboole m'khola, ngakhale pansi pa mphasa yanga. Pano pokha ayi."

Mayi uja anandiyang'ana, kenaka anati, "Agogo, dothi la pakhomo panu ndi losokonezeka, silingatiuze kanthu. Koma ndamva." Anauza anzake kuti anyamule zitsulo. Ndinamuthokoza m'Chisena, ndinati takhuta, chifukwa ndi mawu amene amabwera okha mtima ukamasuka.

Anakaboola kuseri kwa tchalitchi. Ndinamva kuti zimene anapeza kumeneko sizinali zomveka bwino ngati zimene akanapeza kwa ine. Sindikutsutsa. Mayi uja sanali wabodza, ndipo mwina ndinamuonongera ntchito imene anaivutikira zaka. Chotchinga madzi sichinamangidwe, ndipo alipo amene amati ndi chifukwa cha ine. Sindikudziwa ngati boma limamanga kapena kuleka chifukwa cha mpaipi umodzi wa matope, koma akandiloza chala sindibisala.

Ndikudziwa kuti adzabwera ena. Yunivesite siikalamba ngati munthu, imatumiza ana atsopano, ndipo ine mawondo ayamba kukana. Tsiku lina adzapeza mpando wopanda mwini, ndipo a komiti adzavomera mosavuta.

Ndiye ndinaitana mwana wanga pamodzi ndi akuluakulu a mpingo, ndinawauza poyera kuti ndikadzafa asadzandinyamule kupita kumanda. Adzandiike pakona pomwepo, ndipo adzamange chiliza cha simenti chimene madzi sangachikokolole. Abusa anati si mwambo wake. Ndinati ndikudziwa. Mwana wanga anangofunsa kuti mutu udzaloze kuti.