Tsiku limene ndinawachepetsera apongozi timiyala

Lachiwiri lapitali ndinamaliza kulemba kapulogalamu ka masewera pa laputopu yanga. Musayembekezere zithunzi zokongola. Sikirini ndi yakuda bii, pali timizere ndi zilembo basi. Anthu awiri amasinthana kugwetsa timiyala, wina X wina O, polemba nambala ya mzere womwe akufuna. Woyamba kundandalika tinayi, chopingasa, choimirira kapena chopendekeka, wapambana.

Chomwe ndimanyadira n'chakuti malamulo ake amasinthika. Bolodi mukhoza kuikulitsa, ndipo wosewera aliyense mukhoza kumuikira chiwerengero chakechake cha timiyala.

Lachinayi apongozi anga aamuna anafika pa Boma pano kuchokera ku Jenda, kudzaonetsa bondo kuchipatala. Mkuluyu ndi katswiri wa drafuti, kapena tinene kuti iwo amadziwa choncho. Chilowereni m'banja mwawo sindinawagonjetsepo. Kunena zoona, sindinayesepo. Ndi mkamwini uti angachititse manyazi apongozi ake pakhonde pawo pomwe, mwana wawo akuonerera?

Ataona sikirini ija anati, mosakaniza ndi chiyankhulo chakwawo, "Mkweni, tiyeni tikayese kamakina kanuka."

Masewera olemba ndekha, kuluza dala kukanaonekera poyera. Ndiye ndinachita zomwe ndinazolowera. Pakamwa ndinati tonse tikufuna tinayi, koma m'pulogalamu iwo ndinawaikira titatu.

Sipanathe mphindi ziwiri, sikirini inalemba kuti APONGOZI APAMBANA. Ine m'manja phwaphwaphwa. Iwo sanaseke n'komwe. Munthu amene wakalamba akusankha masamba a fodya sungamupusitse pa kuwerenga. Anaika chala pa sikirini.

"Utu ndi titatu. Mbwenu chawonongeka ndi makina, kapena ndinu?"

Ndinaulula, nkhope ili pansi. Manyazi amene ndinamva sindingawafunire munthu.

Koma musandiseke kwambiri, poti khalidweli si langa ndekha. Kangati mwakhala pa msonkhano wa komiti, wapampando n'kulakwitsa poyera, nonse n'kumagwedeza mitu? Kangati bwana wabwera ndi ganizo lopunduka, inu n'kuti "ndi nzeru zakuya zimenezo"? Mukatuluka panja ndiye kuseka mpaka misozi.

Timati ndi ulemu. Ine ndikuti n'kuba. Timamubera munthu mwayi wodziwa pamene waima. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma ife timaukulitsa mutuwo tokha, kenako n'kumaulewetsa nkhonya iliyonse mpaka mwini wake aiwale kuti nkhonya ziliko. Tsiku lomwe adzakumane ndi mlendo wosadziwa kugwada, adzagwa yekha ife tikuyang'ana kumbali.

Apongozi analamula kuti ndibwezere tinayi kwa aliyense, iwo akuona. Ndinawagonjetsa kawiri. Kachitatu ananditchera msampha wa mbali ziwiri umene sindinauone n'komwe, ndipo anaseka mpaka kuiwala bondo. Kuseka kotero sindinakumvepo pa drafuti yonse ija ndinkawapatsa.

Mawa lake ndinawaperekeza pa depoti. Phazi limodzi lili kale m'minibasi, anatembenuka.

"Yewo chomene, mkweni. Koma ndapota, mukadzabwera ku Jenda mudzabwere ndi mutu wanu wonse. Ndakalamba, ndipo ndikufuna kudziwa ngati drafuti ndimaidziwadi."

Zaka zonsezi, funso limenelo ndinawasiyira ndine. Nanga inu, ndani amene mukumuikira titatu?