Mfuti Zisanu mu Mng'oma wa Zeleke

Zinayamba m'chaka cha 1936, mvula ikuyamba kumene, pamene Ataliyana anamanga msasa kumtunda kwa mudzi wathu, ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku Debre Markos. Zeleke Wubshet, mlimi wa njuchi wamfupi ndi wotsimphina, anali ndi zaka 29. Anzake popita kumapiri kukamenya nkhondo anamukana: "Ndi mwendo umenewo? Tsala ndi njuchi zako!"

Koma pa 3 Okutobala 1938 anzake omwewo anabwera modzichepetsa. Anali atalanda Ataliyana mfuti zisanu ndipo analibe pobisa. Zeleke anazikulunga m'chikopa, nazilowetsa mu mng'oma watsopano wansungwi, wautali ngati iye mwini. Anaumata ndowe, naufukiza ndi masamba onunkhira monga ankachitira ndi mng'oma uliwonse.

"Mukufukizira mfuti?" anaseka mkazi wake Yeshimebet. "Zikupatsani uchi?"

"Manja anazolowera, mayi," anayankha, naupachika mu mkuyu.

Lachisanu pa 14, dzuwa lili paliwombo, kunatulukira sajeni wa Chitaliyana, asilikali asanu ndi mmodzi, ndi womasulira wawo Admasu, mlongo wake wa Yeshimebet. Wina anali ataulula. Lamulo aliyense ankalidziwa: mfuti ikapezeka, mwini wake apachikidwa, nyumba zipsa.

"Alamu," anatero Admasu maso ali pansi, "akuti mutsitse mng'oma watsopanowo."

"Dzuwa lonseli? Kwanu uchi mumafula masana?" anafunsa Zeleke.

"Musandivute alamu, ine ndangokhala pakamwa pawo."

"Pakamwa ponona ndi makaroni! Akandipachika, mlongo wanuyu mumusunga ndinu."

Zeleke anakwera mu mkuyu akuitana Mikayeli Woyera chamumtima. Atagwira chingwe cha mng'omawo anaima njii. Mng'oma unkalira! Inali nyengo ya maluwa achikasu, ndipo fungo la utsi uja linali litaitana chigulu cha njuchi, chimene chinakhazikika pamwamba pa mfutizo osapempha munthu. Zeleke anafuna kuseka, koma analuma mlomo. Anautsitsa pang'onopang'ono ngati khanda, ndipo utatsala pang'ono kufika pansi, anaugwedeza kawiri.

"Auzeni bwana atsegule okha," anakuwa ali m'mwambamo. "Wolumalane ndichedwa kutsika."

Admasu anakulira pakati pa ming'oma. Anatchera khutu, nasuzumira kumwamba, namasulira mawuwo bwinobwino kwinaku akubwerera chambuyo. Sajeni anatokosa chotsekera ndi mpeni wa kumfuti.

Wuuu! Kunada bii. Zipewa zinauluka, nyulu ya asilikaliwo inadula chingwe chake, msilikali wina anawombera m'mwamba ngati njuchi zimaopa chipolopolo. Sajeni anathamanga liwiro la mtondo wadooka mpaka kumtsinje, nadziponya m'madzi ndi nsapato zomwe. Yeshimebet, atafunda nsalu kumutu, ankafuula pakhomo: "Admasu, auze alendo adikire chakudya, ndikuphika injera!"

Zeleke anakoka mng'oma kubwerera m'mwamba, njuchi zitamuluma malo khumi ndi anayi. Amene anawerenga malowo ndi Yeshimebet. Ataliyana sanayandikirenso mkuyuwo, ndipo pa 22 mfutizo zinapita kumapiri zikunata phula.

Adaniwo anachoka mu Epulo 1941. Zeleke sanalandire mendulo, koma amuna omwe anamukana aja ankaimirira iye akamalowa m'nyumba ya mowa wa uchi. Mng'oma uja sanaufuleko ngakhale kamodzi. "Asilikali salandidwa chakudya," ankatero. Anamwalira Lachiwiri pa 9 Febuluwale 1971.