Zoyera za m'ketulo ya malume

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Mayi atatopa kundiona ndili tong'o pakhonde kwathu ku Biriwiri, ananditumiza pa boma, kwa malume, kuti ndizikagwira ntchito zapakhomo. Pondiperekeza anandiuza kuti akakandithamangitsa kumeneko ndisabwerere kwa iwo. Kwina kopita ndinalibe.

Malume anakhalitsa ku Joni. Anabwerako ndi msana wowawa komanso chiketulo chamagetsi chimene akazi awo ankachisamala ngati khanda. Akaziwo ndinkawaitana kuti anti. Tsiku loyamba lomwe anandiopseza kuti ketuloyo ndisadzayerekeze kuikwecha ngati mphika wa kumudzi. Ine ndinangoti chabwino, ndipo ndinkangoipukuta kunja.

Mpopi unali pakhomo pomwepo, koma madzi ake sindinawakhulupirire. Ukamwa ankalemera palilime ngati wanyambita choko. Sopo sankachita thovu. Umatikita chovala mpaka zala kuwawa, pamwamba pa beseni n'kumayandama tinthu totuwa. Nyemba zinkadya makala osapsa. Masiku ena mpopiwo unkayamba wakhosomola, kenako n'kulavula madzi ofiirira. Ndikafunsa kuti amachokera kuti ndipo amathiramo chiyani, yankho linali lakuti ndisiye uchimidzi.

Mnzanga wina wa kwathu ankabwera kudzagulitsa kabichi pamsika. Ndinamupempha kuti azinditengera madzi a pakasupe m'kachigubu, ndipo ndinkakabisa kunsi kwa bedi. Tiyi wa m'nyumbamo sindinkamwa. Ndinkaphika, kupereka, n'kutuluka. Apa ndi pamene ndinapusa. Ndinaleredwa ndikudziwa kuti ukamapatsa munthu chakumwa umayamba walawa iwe, iye akuona. Timati kuchotsa ufiti. Miyezi itatu yathunthu malume sanandionepo ndikulawa.

M'mawa wina anti anandikuwira ndili kotsuka mbale.

“Tabwera kuno, iwe! Ichi n'chiyani?”

Pansi pa kapu ya malume panali tizidutswa toyera ngati makoko a dzira.

“Sindikudziwa, anti.”

“Sukudziwa? Tiyi waphika ndani, mphaka?”

“Ndaphika ine.”

“Chibwerere iwe, msana wa amalume ako ukungokulira. Madzi a muno sumwa. Kachigubu kako ndakaona. Wakutuma ndani, amayi ako? Nyumbayi mwayamba kale kuigawana kumudziko?”

Ndinayang'ana malume, kuyembekeza kuti awadzudzula. Iwo maso anali pa kapu. Ananena motsitsa, “Mphwanga, ingomwa nkhani ithe.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a anti. Ndiye kuti nawonso ankandikayikira, mwina kuyambira kale. Ndinanyamula kapuyo n'kugugudiza, ndi tizidutswa tomwe. Tinandikereketa pakhosi. Ndinathira ina, n'kumwanso.

“Mukufuna yachitatu?”

“Taona mwano wakewo,” anatero anti. “Wothira mankhwala amamweratu chotsitsira chake.”

Ndinazula ketulo pakhoma, kutaya madzi, n'kusuzumiramo. M'kati monse munali mutachita chikhungu choyera, cholimba. Nditakanda ndi supuni chinagamphuka. Anti anawomba m'manja. “Si izi! Mmene amaunjika ndi mommuno.”

Ndinapita kwa mayi a nyumba yoyandikana nayo, amene anabadwira pa boma pomwepo, ndi kuwapempha kuti abwere ndi ketulo yawo. Anabwera akumanga chitenje, akudabwa. Yawo inalinso ndi zoyera zomwezo, zochepa chabe. Atamva mlandu anaseka mpaka kukhala pansi.

“Asisi, mwakalamba ndi mpopi osaudziwa? Ndi madziwa! Ukawawiritsa amasiya zimenezi. Mtsikana munali naye kale uja ankabwera Loweruka lililonse kudzathyola mandimu kwanga. Mumati ankapita nawo kuti? Amafinyira m'ketulo, kuwiritsa, zonse n'kusungunuka.”

“Uyu bwanji sanachite?”

“Munamuuza?”

Anti eni ake anali asanasuzumirepo m'ketulo yawo chigulire. Ine ndinafunsa mayiwo ngati zimene zimakanirira m'ketulo sizikaniriranso m'mimba mwa munthu. Anati iwo amwa moyo wawo wonse ndipo ali bwino. Ndinawayang'ana bwinobwino, sindinakhutire.

Mandimu anabwera, ketulo inayera. Ndinadikira kupepesa, koma sikunabwere. Mayi aja atangotuluka, anti ananena kuti nkhani ya ketulo amva, koma ya kachigubu sanaimve. Munthu wa mtima woyera sabisa madzi kunsi kwa bedi. Ngati ndikufuna kukhala, ndikatenge ndidzakhuthule pabwalo iwo akuona, ndipo kapu iliyonse ya malume ndiziyamba ndalawa. Ngati sindikufuna, minibasi zilipo zambiri.

Malume ankangosisita msana.

Ndinaima pakhomo la kuchipinda kanthawi ndithu. Chikwama chinali pomwepo, ndipo kulongedza sikukanatenga nthawi. Koma ndikanatsikira pa siteji iti? Ndinatulutsa kachigubu, kutsegula, n'kuthira pansi. Nkhuku za anti zinathamangira kudzamwa.

Sabata yotsatira ndinamuuza mnzanga wa kabichi kuti asanditengerenso madzi, ndipo akawafotokozere mayi zonse mmene zinayendera, osasiyako. Atabweranso ndinamupeza akuyala kabichi pathumba. Ndinamufunsa kuti mayi ati chiyani.

“Akuti uzimvera,” anatero.