Zilembo Zaonda Ngati Ulusi

Mayi woyang'anira makompyuta pa laibulale anthu anawapatsa dzina loti Aloko, ndipo kunena zoona linawakhala. Anali atatopa ndi manja oyabwa. Uyu watembenuza sikirini chadodolido, uyu wasintha chilankhulo, winayo waikapo chithunzi cha chibwenzi chake ngati kompyuta ya anthu onse ndi khoma la kuchipinda kwake. Tsiku lina Aloko anangobwezera makompyuta onse mmene anabwerera, n'kutseka zosintha zonse ndi pasiwedi. Wobwera alembe, awerenge, asindikize, basi. Anthu anang'ung'udza, iwo osatekeseka.

Amene sanadandaule ndi atelala, bambo wokalamba amene ankabwera kudzawerenga mauthenga a mwana wawo wamkazi wogwira ntchito kutali. Ankakonda kompyuta ya pakona. Iwo ankati ndi yaulemu, osadziwa kuti wina anaikulitsira zilembo kalekale. Aloko nawonso sankadziwa.

M'mawa wina, zosintha zija zitatsekedwa kale, atelala anakhala nthawi yaitali mphuno ili pa sikirini. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya, n'kuyang'ananso. Kenaka anadzuka, nabwezera mpando bwinobwino.

"Mwamaliza kale, bambo?" anafunsa Aloko.

"Ndamaliziratu, mwanangu, ndikutsanzika." Anaseka pang'ono. "Singano inandikana, ndinavomera. Lero zilembo nazo zaonda ngati ulusi. Maso atha awa. Koma mwana uja sindimuuza, angasiye ntchito kuti adzandilere."

Aloko anasuzumira pa sikirini paja, mtima unawawa, manyazi n'kubwera pambuyo. Munthu wamkulu anali atalira kale maliro a maso ake, chonsecho wolakwa ndi loko.

"Takhalani pansi, bambo. Maso anu alibe mlandu, ndine ndachepetsa zilembozi."

Analemba pasiwedi, nawakonzera atelala polowera pawopawo. Zina zonse zinakhalabe zotseka, kupatula kukula kwa zilembo. Anayamba kuzikulitsa pang'onopang'ono.

"Munene pokwanira."

"Onjezani. Onjezaninso pang'ono m'chiunomo, zipume. Eya, pamenepo zakhala!"

Uthenga wa mwana uja unadzaza sikirini yonse. Aloko, pofuna kukonza zimene analakwa, anawerama n'kuyamba, "Akuti, wokondedwa ba..."

Atelala anawagwira dzanja.

"Ayi, mwanangu, musandiwerengere. Ameneyu walembera ine."

Aloko anabwerera pa tebulo lawo, nakhala chofulatira. Kumbuyo kwawo ankamva bambo uja akutchula mawu limodzilimodzi, osalumpha ngakhale limodzi.