Mlamu Anamatula Matepi

Mai Tepi amakonza makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe, pakati pa telala ndi wodula makiyi. Dzinalo linabwera chifukwa kompyuta iliyonse yochoka m'manja mwawo imapita ndi katepi koyera pambali, kolembedwa manambala ndi mawu akuti "Musasinthe". Manambalawo ndi a dalaivala, kapulogalamu kochititsa kuti khadi la zithunzi ndi gemu zizimvana. Zaka khumi ndi zinayi za ntchitoyi zinawaphunzitsa kuti dalaivala watsopano pa khadi lokalamba ali ngati nsapato yothina, uyenda pang'ono kenako ukhala pansi.

Mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, atatsegula malo osewerera magemu tsidya lina la msewu, Mai Tepi ndi amene anamukonzera makompyuta onse asanu ndi atatu. Anali akale, ogula kwa anthu. Anatha masiku anayi akuika dalaivala uyu, kuchotsa, kuyesa wina, mpaka anapeza wa zaka zitatu zapitazo amene magemu onse anamulola. Anamusunga pa fulashi imene amaivala m'khosi pamodzi ndi makiyi, n'kumata matepi awo.

Koma mlamuyo ndi munthu wa zonyezimira, uja wosachotsa pulasitiki pa mipando ya galimoto. Matepiwo ankamunyansa, ati akudetsa malo. Anawamatula ndi chikhadabo n'kupukuta bwinobwino. Kenako uthenga utatulukira pa sikirini kuti kwabwera dalaivala watsopano, mtima wa zatsopano uja unamukwera, anavomera pa makompyuta onse.

Mavuto sanachedwe. Munthu ali pafupi kumwetsa chigoli, chithunzi chinkauma, mawu n'kumangolira pamodzimodzi, sikirini n'kuda bii. Osewera anayamba kumenya matebulo. Mlamu anadutsa msewu masanasana, n'kuima pakhomo pa Mai Tepi mutadzaza makasitomala. Anakuwa kuti mayiwo anachotsa makhadi abwino n'kuika owola, ndipo mawu oti mbava anawatchula katatu. Mai Tepi anangofunsa ngati anakhudza dalaivala. Iye analumbira kuti sanakhudze kanthu.

Tsiku lomwelo anthu anayi anatenga malaputopu awo osakonzedwa. Telala anayamba kuyankha moni maso ali pa makina. Mng'ono wawo weniweni ankadutsa ngati sakuona chitseko. Pa ntchito imeneyi anthu amakusiyira makina odula chifukwa cha dzina lako basi, ndipo dzinalo linali litagwera m'ngalande. Mai Tepi analira kamodzi, kuchimbudzi, atatseka chitseko. Atatuluka anasamba kumaso n'kuika mpando pakhomo moyang'ana tsidya.

Anaona okonza ena akulowa ndi kutuluka. Wina anasintha mafani. Wina anauzira fumbi. Wachitatu anafufuta zonse n'kuyambanso, koma n'kuikanso dalaivala watsopano yemweyo. Mai Tepi ankamwa tiyi wawo pang'onopang'ono, ndipo tisanamizane, ankamva kukoma. Mankhwala anali lendelende m'khosi mwawo.

Loweruka la mpikisano linafika, umene mlamu anaulengeza ndi zikwangwani mwezi wathunthu. Osewera makumi anayi anali atakhala kale pa mipando, makompyuta akuzimabe. Mng'ono uja anabwera akuthamanga, lero akudziwa chitseko.

"Achemwali, tithandizeni, tichita manyazi."

"Abwere mwiniwake," anatero Mai Tepi. "Msewu ndi womwe uja."

Mlamu anabweradi, thukuta lili kamukamu, akulankhula monong'ona. Mai Tepi anamuuza kuti makutu awo anazolowera mawu ake aakulu aja, akweze. Atakweza, anakhoma kachipinda kawo, n'kuitana telala ndi wodula makiyi kuti akaone mbava ikugwira ntchito.

Atafika sanayambe ndi kukonza. Analumikiza kompyuta yoyamba ku sikirini yaikulu ya pakhoma, n'kutsegula pamene kompyuta imadzilembera yokha chilichonse chosinthidwa, tsiku lake ndi ola lomwe.

"Alamu, werengani. Anthu akumbuyo amve."

Anawerenga: dalaivala anasinthidwa Lachiwiri, mphindi khumi itakwana 2 koloko masana. Mai Tepi anatembenukira mng'ono wawo n'kumufunsa kumene iwo, Mai Tepi, anali nthawi imeneyo. Iye anayankha maso ali pansi kuti anali nawo limodzi kuchipatala ndi amayi awo. Nanga makiyi a malowa amasunga ndani? Maso onse anapita kwa mlamu. Mai Tepi sanamumvere chisoni. Anamuwerengetsa makompyuta onse asanu ndi atatu, imodziimodzi, ndipo pofika pa yachisanu osewera ankawerenga naye limodzi mokuwa.

Kenako anavula fulashi m'khosi. Anachotsa dalaivala watsopano mpaka zotsalira zake, n'kubwezera wakale uja. Makhadi sanawakhudze n'komwe, kuti aliyense aone kuti ndi omwe aja ankati owola. Gemu inaseweredwa theka la ola osauma.

Mlamu ananong'onanso kuti pepani alamu, zatha. Mai Tepi anatulutsa tepi ndi cholembera m'thumba n'kumupatsa. Anamulembetsa "Musasinthe" kasanu ndi katatu, namata yekha atagwada pansi ndi thalauza lake losita. Tepi yomaliza anaidula yaitali, mawu ake anachita kumuuza, ndipo anamulozera galasi la chitseko, pamene maso a wolowa aliyense amafikira.

Pano makasitomala anabwerera, telala amayamba ndiye kupereka moni. Mai Tepi sanakhululuke, ndipo sabisa. Mpando wawo ukadali pakhomo moyang'ana tsidya. M'mawa uliwonse amaonerera mlamu akupukuta galasi lake mpaka kuwala, nsanza ikuzungulira mosamala tepi yoyera yolembedwa ndi dzanja lake lomwe: "Mai Tepi si mbava. Ndinanama ndine."