Apongozi Anga ndi Tchesi ya Mphindi Imodzi

Kwathu kwa Ndamera mkazi ndiye amatsata mwamuna. Ine ndinakakwatira kwa Lundu, kwa Amang'anja, ndipo wotsata ndinali ine. Ndinamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, pakati pathu pali mpanda wa bango, n'kukhala mkamwini. Abale anga akaimba foni sankayamba n'komwe ndi moni. "Kodi akumasulani liti kumeneko?" Dimba la malemu bambo linali litasanduka tchire, ine ndikulima munda wa eni. Mtima sunkakhala m'malo. Ndinatuma ankhoswe kukapempha chitengwa, kuti ndimutenge mkazi wanga tikakhale kwathu. Yankho linali lakuti tamva. Mvula inabwera n'kupita, yankho lili lomwelo.

Kukafunsa ndekha sikukanatheka, pajatu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Tikakumana panjira ya kumjigo, ine ndinkapatukira m'thonje, iwo n'kuyang'ana kumbali. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, mzime wawo, yekhayo amene anatsala pakhomopo.

Apongozi angawo anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo tchesi anaiphunzira kukoleji. Mwana wawo wa kutauni atawatumizira foni yamakono, anayamba kusewera pa intaneti, tchesi ija ya mphindi imodzi. Aliyense amapatsidwa mphindi imodzi yokha ya masewero onse, ndipo ikakuthera wagonja, ngakhale zinthu zikukuyendera bwanji. Inenso kusekondale ndinkadziyesa katswiri. Mkazi wanga ndiye anatilumikiza, ndikuganiza pofuna chomuseketsa. Makolo poika mwambo sananenepo kanthu za foni, choncho dzuwa likatithamangitsa kumunda tinkasewera, iwo ali pakhonde pawo, ine ndili pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa mpanda.

Ankandikwapula ngati mwana wa Sitandade 2. Netiweki ya kuno imatsimphina, imakudyera nthawi uli chiyang'anire, ndiye iwo anazolowera kuikiratu yankho lawo ine ndisanasunthe kanthu. Ndikangochotsa chala, ayankha kale. Zimenezi zinkandiwawa kuposa kugonja, chifukwa zinkatanthauza kuti munthu amene sanandiyang'anepo kumaso ankadziwa za m'mutu mwanga. Ankatulutsa mahatchi onse msangamsanga, n'kukankha tiasilikali tawo tonse kulunjika kwa mfumu yanga, yawo ataisiya pambalambanda. Kenako ankandiikira hatchi pakamwa. Ine ndi dyera langali ndinkadya. Andipatsenso bishopu, ndidye. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada: pomwe ndikuwerenga zomwe ndadya, mfumu yanga yatsekeredwa pakona. Tsiku lina anataya kwini amene, osaphethira, n'kundimaliza ndi kamsilikali.

Zikawavuta sankagonja ayi. Mfumu yawo inkazungulira bolodi lonse, ine ndikuithamangitsa thukuta lili kamukamu, mpaka nthawi yanga itathe. Ndikatero ndinkamva kakutsokomola kuseri kwa mpanda, kenako mawu opita kwa mwana wawo: "Iwe, ukawauze bambo a kuseriko kuti kwini si khasu loti aziyenda nalo paliponse."

Ndinkapsa mtima zenizeni. Ndinamufunsa mkazi wanga kuti munthu wotaya kwini mosavuta chotere akukanikiranji kumasula mwana mmodzi. Iye anandiyang'ana akutsuka mbale. "Kwini mawa apezekanso pabolodi. Nanga ine?"

Madzi atayamba kuphwa m'madimba, achimwene anaimba kuti dimba lija alipereka kwa msuweni wathu ndikapanda kubwera kudzabzala. Ndinawachonderera kuti adikire. "Nkhabe," anakana m'chilankhulo chakwathu, n'kudula foni. Tsiku limenelo ndinalankhula ndi mkazi wanga pafupi ndi mpanda, mokweza dala, kuti ine ndatopa, ndipita kwathu, kaya ndi iye kaya ndekha. Ndinadziwa kuti apongozi akumva.

Kwa masiku angapo foni yanga inakhala chete. Ndinkapita pansi pa nimu paja, kukhala, kudzuka, kukayang'ana mbuzi zomwe ndaziyang'ana kale, kubwereranso. Ndinkaopa kuti ndadula mlatho, ndipo ankhoswe abwera ndi mawu oti ndinyamule katundu wanga ndekha.

M'mawa wina ndikunola khasu ndinamva mawu a apongozi, opita kwa mwana wawo monga mwa nthawi zonse, koma okwera kuti alumphe mpanda.

"Iwe, ukawauze amunako kuti mutu umakuvuta dzuwa likakula. Kudimbako uziweruka msanga. Ndipo kumeneko udzudzu ndi wosayamba, mutenge neti yangayi."

Ankhoswe anangobwera kudzatsimikiza kuti chitengwa chija chaloledwa.

Tsiku lonyamuka apongozi sanatiperekeze kumsewu. Anatsanzikana ndi mwana wawo m'nyumba, chitseko chili chotseka. Tili m'minibasi, matumba ali pamiyendo, foni inanjenjemera m'thumba: apongozi akundiitanira masewero. Ndinavomera. Anakankha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, ine n'kuyankha. Basi, palibenso chinasuntha.

"Ndi netiweki," ndinatero.

Mkazi wanga anasuzumira pafonipo. "Si netiweki. Amayi akulira, bolodi sakuliona."

Tinangoyang'ana nthawi yawo ikutsika mpaka kutha, foni n'kulemba kuti ndapambana. Ndinali nditalakalaka kuwagonjetsa chilowereni m'mudzimo, koma foniyo ndinaibwezera m'thumba msanga, ndipo mpaka tinadutsa pa Bangula ndisanathe kumuyang'ana mkazi wanga kumaso.